CHINTHU CHA TONSE, NANGA ALIPIRE NDANI?

Pa zinthu zimene munthu amagwiritsa ntchito, zina ndi zake yekha, monga khasu, mphasa ndi njinga. Zina ndi za mudzi wonse, monga njira ya kudambo, mlatho wa mitengo ndi chitsime. Khasu likaguluka palibe mlandu, pakuti mwini wake adziwa kuti akapanda kulikonza sadzalima. Koma mlatho ukayamba kuola, aliyense woolokapo amaona, napita, naganiza mumtima mwake kuti wina adzakonza. Chotero chinthu chimene chili ndi eni ambiri kawirikawiri chimakhala ngati chamasiye.

Funso la amene ayenera kusamala chinthu cha tonse ndi lakale ndithu. Masiku ano labweranso litavala malaya achilendo, pakuti lakhudza mapulogalamu a kompyuta amene zipatala za ku Machinga ndi ku Balaka zimadalira. Mwina wina adzati, “Ine kompyuta sindinaigwirepo, nkhaniyi ndi ya ophunzira.” Iyayi, mbale wanga, ngati munapitako kusikelo ndi mwana, kapena munalandirako mankhwala a malungo ku Ntaja kapena ku Phalula, nkhaniyi ndi yanu.

Pulogalamu ndi Chiyani

Kompyuta payokha ilibe nzeru. Imachita zokhazo zimene munthu waiuza, ndipo zimene amaiuzazo amazilemba mzere ndi mzere m'chinenero chapadera. Malangizo olembedwawo ndiwo pulogalamu. Foni ya m'manja nayonso ndi kompyuta yaing'ono, ndipo pamene mutumiza ndalama pa foni, ndi pulogalamu imene imawerengera kuti zachoka zingati ndipo zatsala zingati.

Makampani ambiri amene amalemba mapulogalamu amabisa malembawo. Amachita monga sing'anga amene akupatsani mankhwala osinjasinja koma sakuonetsani mtengo wake. Mukadwalanso muyenera kubwerera kwa iye yemweyo ndi nkhuku ina, ndipo iye akamwalira nzeru yake imapita naye kumanda. Koma alipo ena amene amaika malemba awo poyera, nalola munthu aliyense kuwawerenga, kuwakopera, kuwakonza ndi kugawira anzake popanda kupempha. Ameneyu ali ngati sing'anga amene akutengerani kuthengo, nakuonetsani mtengo ndi kakumbidwe ka mizu yake, nakuuzani kuti mukaubzale pakhomo panu. Mapulogalamu otere Azungu amawatcha open source. Ife tiwatche mapulogalamu otseguka.

Mwambo umenewu unalimbikitsidwa ndi Richard Stallman wa ku America, amene mu 1983 anayamba ntchito yolemba mapulogalamu a ufulu, ndipo mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation loti lisunge ndalama za ntchitoyo. Mu 1991 mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, anayamba pulogalamu yotchedwa Linux naiika poyera. Mafoni onse a Android amene amagulitsidwa m'misika ya Liwonde ndi Balaka ali ndi Linux mkati mwake, ngakhale ogulawo sadziwa.

Phunziro la Mjigo

Tisayese kuti nzeru yopanga chinthu ndi kuchisiya chotseguka ndi ya kunja kokha. Mjigo umene uli m'midzi yathu yambiri, wotchedwa Afridev, unayamba kuyesedwa m'Malawi muno kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo dzina lake loyamba linali Maldev. Pambuyo pake anakaukonzanso ku Kenya. Amene anaupanga sanatsekere nzeru yawo m'bokosi. Mapulani ake ndi a anthu onse, kotero kuti fakitale iliyonse ingathe kupanga mjigowo kapena zipangizo zake. Anaupanganso mwadala kuti anthu a m'mudzi, amuna kapena akazi, athe kuutsegula ndi sipanala ndi kusintha zimene zatha.

Tsono taonani. Mapulaniwo ndi aulere, koma labala wa mkati mwa mjigo amatha, ndipo wogulitsa labala sagulitsa ndi mapulani. Chifukwa cha ichi pamjigo pamakhala komiti, ndipo banja lililonse limasonkha kangachepe. Kumene komiti ili yamoyo madzi amatuluka chaka ndi chaka. Kumene anthu anati, “Anatipatsa ndi a bungwe, adzabwera okha kudzakonza,” mjigo umasanduka pomangirira mbuzi, ndipo amayi amabwerera kumtsinje. Wowerenga aliyense adziwa mudzi wa mtundu woyamba ndi mudzi wa mtundu wachiwiri.

Mapulogalamu a m'Zipatala Zathu

Mu 2001 munthu wina dzina lake Gerry Douglas anayamba kuika makompyuta ang'onoang'ono, ongokhudza ndi chala, m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero chitchedwa Kamuzu Central. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe losafuna phindu la Baobab Health Trust, m'mene anyamata ndi atsikana a ku Malawi ankalemba okha mapulogalamu otseguka osungira mbiri ya odwala. Mu 2006 pulogalamu yawo yothandiza popereka ma ARV inayamba kugwira ntchito ku Queen Elizabeth, ku Blantyre, ndipo kenaka inafika m'zipatala zambiri za m'maboma. Kapepala komata pa buku la kuchipatala, kokhala ndi timizere takuda, kamene ambiri a inu munakaona, kanachokera m'ntchito imeneyi.

Ku Balaka kunabadwira chinthu china. Pa mpikisano wopereka maganizo opulumutsa amayi ndi ana, anapambana Amalawi awiri, Soyapi Mumba wa ku Baobab ndi Clement Mwazambumba. Maganizo awo ndiwo anabala Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba m'boma la Balaka mu 2011, choyendetsedwa ndi bungwe la VillageReach, ndipo a Baobab anathandiza kulemba pulogalamu yake. Mayi woyembekezera wokhala kutali ndi chipatala ankatha kuimba foni ndi kufunsa uphungu. Kampani ya Airtel inadzalola kuti makasitomala ake aziimba osalipira, ntchitoyo inafalikira m'maboma onse, ndipo pomaliza Unduna wa Zaumoyo unailandira m'manja mwake.

Palinso mapulogalamu awiri amene wodwala sawaona konse. Mwezi uliwonse zipatala zazing'ono, monga Nayuchi, Ntaja, Ulongwe ndi Utale, zimalemba chiwerengero cha ana obadwa, ana olandira katemera ndi odwala malungo. Ziwerengero zimenezi zimalowa m'pulogalamu yotseguka yotchedwa DHIS2, imene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2012. Imasamalidwa ndi sukulu ya ukachenjede ya ku Oslo, m'dziko la Norway, ndipo maiko oposa 70 amaidalira. Inayo ndi OpenLMIS, yowerengera mankhwala otsala m'mosungira, imene inayamba kuno mu 2017.

Ufulu ndi Ulere

M'Chingerezi mawu amodzi akuti free amatanthauza zinthu ziwiri, ndipo Azungu akhala akusokonezeka nawo zaka zambiri. Ife tili ndi mwayi, pakuti tili ndi mawu awiri: ufulu ndi ulere. Pulogalamu yotseguka imatipatsa ufulu, ndiye kuti palibe angatiletse kuigwiritsa ntchito kapena kuisintha. Koma ulere weniweni mulibemo, popeza munthu amene amailemba amadya nsima, amalipira nyumba, ndipo ana ake amafuna fizi.

Wina angafunse kuti, “Nanga pulogalamu ikalembedwa kamodzi, imathanso bwanji? Kodi ili ndi labala?” Ilibe labala, koma dziko limene ikutumikira silikhala chimodzimodzi. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wake wonse. Mu 2019 odwala ambiri anasinthidwira ku mankhwala atsopano otchedwa dolutegravir. Pa kusintha kulikonse kotere, wina anayenera kukhala pansi ndi kulembanso mizere ya pulogalamu, apo ayi ikanasocheretsa anamwino. Makompyuta nawo amasintha, ndipo akuba a pa intaneti usiku ndi usana amafunafuna pobowoka. Pulogalamu yosasamalidwa imafa pang'onopang'ono monga nyumba yosagonamo munthu.

Dima ndi Thangata

Yankho loyamba limene anthu amapereka ndi lakuti, “Alembe odzipereka, amene amaikonda ntchitoyo.” Zoona, mapulogalamu otseguka ambiri anayamba chotero, ndipo ndi chinthu chokoma. Chifanana ndi dima: lero tilima kwa uyu, mawa kwa uje, mwini munda aphika mowa kapena thobwa, ndipo palibe wowerengera mnzake mizere. Koma dima limakoma chifukwa limazungulira. Munthu mmodzi akamalima minda ya mudzi wonse chaka ndi chaka, ena ali pamthunzi, limenelo silikhalanso dima.

Makolo athu anaona ndi maso awo m'mene mawu abwino amaipira. Kuthangata kunali kuthandizana kwa abale. Koma pa minda ya Azungu ya ku Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, mawu omwewo anasanduka dzina la ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira ngati malipiro a malo okhalapo. Thangata anali chimodzi cha zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915, ndipo anathetsedwa dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu. Sindikunena kuti wolemba mapulogalamu wodzipereka ali ngati munthu wa pa esiteti, pakuti iye palibe amamukwapula, ndipo angathe kuleka tsiku limene wafuna. Koma mtima wa wodyerera ndi womwewo: kutcha thukuta la mnzako “chithandizo” kuti usamulipire.

Chitsanzo chake chinaoneka mu April 2014. Pali pulogalamu yotseguka yotchedwa OpenSSL, imene ili ngati loko wa makalata a pa intaneti. Mabanki ndi makampani olemera a dziko lonse ankaidalira. M'mwezi umenewo munapezeka chilema chachikulu, chimene anachitcha Heartbleed, chakuti wakuba akanatha kuba mawu achinsinsi a anthu. Pamenepo dziko linadabwa kumva kuti pulogalamuyo inkasamalidwa ndi anthu owerengeka chabe, ndi kuti mphatso za ndalama zimene ankalandira zinali madola pafupifupi 2,000 pa chaka. Atachita mantha, makampani aakulu anasonkha ndalama kudzera m'bungwe la Linux Foundation. Anachita monga mudzi umene umasonkha za mlatho mwana atagwera kale m'madzi.

Mlendo Wopatsa

Yankho lachiwiri ndilo limene takhala tikulitsata kuno: alipire mlendo. Ndalama zambiri za ntchito ya Baobab zinkachokera ku boma la America, kudzera ku ofesi yake yolimbana ndi matenda ya CDC. DHIS2 yathandizidwa ndi boma la Norway ndi mabungwe ena a maiko. OpenLMIS inamangidwa ndi ndalama za Gates Foundation ndi USAID. Tiyenera kuyamika, pakuti anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha thandizo limeneli, ndipo kusayamika ndi khalidwe loipa.

Koma akulu anati mlendo ndi mame. Mu 2019 ntchito yosamala mapulogalamu a ma ARV inachoka ku Baobab n'kupita ku bungwe lina, la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation, ndi ndalama za ku America zomwezo. Apa tiona ubwino wa kutseguka, pakuti malembawo sanali m'thumba la munthu mmodzi, ndipo ena anatha kupitiriza pamene anzawo analekera. Tionanso kufooka kwathu, pakuti amene anali ndi mawu omaliza ndi amene anali ndi chikwama. Ndipo pa 20 January 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti thandizo la America ku maiko ena liyambe laima masiku 90; pofika July chaka chomwecho ofesi ya USAID inali itatsekedwa. Chigamulo chimenechi sanachipangire ku Liwonde, ndipo palibe mfumu ya ku Machinga imene inafunsidwa.

Mlendo ali ndi khalidwe linanso, limene si la iye yekha koma la anthu tonse. Amakonda kukumba mjigo watsopano, pamene padzaimikidwa chikwangwani ndi kuvinidwa magule, kuposa kugula labala wa mjigo wakale. Palibe amene amajambulidwa chithunzi chifukwa chosintha labala.

Thumba la Onse

Njira imene ine ndiiona yolungama ndiyo ya komiti ya pamjigo, itakulitsidwa. Anthu amene amagwiritsa ntchito pulogalamu akhazikitse bungwe losafuna phindu, lolembetsedwa mwa lamulo, lokhala ndi thumba limodzi. Onse opindula aponyemo, aliyense monga mwa mphamvu zake. Bungwelo lilembe ntchito amisiri ochepa okhazikika, osamala pulogalamuyo tsiku ndi tsiku, ndipo odzipereka apitirize kuthandiza monga afunira. Phindu likatsala, lisagawidwe kwa atsogoleri, libwerere ku ntchito. Mabungwe otere alipo. Apache Software Foundation inayamba mu 1999, ndipo Software Freedom Conservancy, imene inayamba mu 2006, imasunga ndalama za mapulogalamu ang'onoang'ono amene sangathe kukhala ndi ofesi yawoyawo. Wikipedia, buku lalikulu la pa intaneti limene lili ndi masamba ena a m'Chichewa, limayenda ndi mphatso zazing'ono za anthu miyandamiyanda.

Chifukwa chake ndinena kuti njirayi ndi yolungama ndi ichi. Munthu amene amatunga pachitsime chimene ena akuchisamala, iye ali ndi mphamvu yothandiza koma sathandiza, sanabe kanthu, pakuti madzi ndi a onse. Komabe wasenzetsa anzake katundu wake. Chilolezo cha pulogalamu yotseguka sichimukakamiza kulipira, ndipo khoti silingamugwire. Koma si zonse zimene khoti lilola zimene zili zabwino. Mangawa ena salembedwa papepala, monga a chakudya cha pamaliro, ndipo munthu amene sawabweza mudzi umamudziwa.

Nanga kuno kwathu oyenera kuponya m'thumba ndani? Woyamba ndi boma, pakuti ndilo limapindula koposa, ndipo ndilo silidzasamuka. Kenaka zipatala za mishoni, makampani a mafoni ndi mabanki amene amadya za mapulogalamu otseguka, ndi masukulu a ukachenjede, amene angapereke manja a ophunzira awo. Mlendo naye aponyemo, koma akhale mmodzi mwa ambiri. Mayi wa ku Nayuchi wobereka mwana wodwala asamuuze kuti alipire pakhomo la chipatala chifukwa cha kompyuta. Pamjigo pomwe, komiti yanzeru simuthamangitsa nkhalamba yopanda chosonkha. Ndiponso mayiyo waponya kale, pakuti pa mayunitsi a foni amene amagula pali msonkho wa boma.

Tisabise kuti thumba la onse lili ndi matenda ake. Msungichuma angathe kudya ndalama, ndipo woponya zambiri angafune kuti mawu ake okha ndiwo amveke. Mankhwala ake amayi a banki m'khonde amawadziwa bwino. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Bungwe losamala pulogalamu yotseguka liyenera kutsegula mabuku ake a ndalama monga linatsegulira malemba ake. Lionetsenso kuti pasakhale wopereka mmodzi amene akachoka denga lonse ligwa.

Mawu a Wotsutsa

Pali mawu amodzi otsutsa amene ali ndi mphamvu, ndipo sindiwapeputsa. Munthu angati, “M'chipatala mulibe mankhwala, ambulansi ilibe mafuta, anamwino ndi ochepa. Kwacha imene mupatsa wolemba mapulogalamu mwailanda kwa wodwala.” Ndi zoona kuti thumba la boma ndi limodzi, ndipo chimene chapita uku sichipita uko.

Koma tiganize za ntchito ya OpenLMIS. Mankhwala a malungo akamatha ku Ntaja pamene ena akuonongekera m'mosungira mwa chipatala china, vuto si kusowa kwa ndalama kokha, koma kusadziwa. Wogawa mankhwala wopanda chiwerengero ali ngati mayi wogawa nsima mumdima. Ndalama yosamalira pulogalamu yotere ndi gawo la mtengo wa mankhwala omwewo, monga mafuta a galimoto yowanyamula.

Komabe wotsutsayo ndimuvomereza pa chimodzi. Si pulogalamu iliyonse imene iyenera kusungidwa. M'zaka zapitazi mabungwe ambiri anabwera m'maboma athu, lililonse ndi kapulogalamu kake ka pa foni, naphunzitsa alangizi a zaumoyo masiku ochepa, nachoka ndalama zitatha. Dziko losauka silingathe kudyetsa zonsezo. Liyenera kusankha zochepa, zimene moyo wa anthu wakoloweka pa izo, ndi kulola zina kuti zife.

Kusankhako si kwa akuluakulu a ku Lilongwe okha. Bungwe lisanayambe ntchito m'boma, limafika pamaso pa khonsolo, ndipo m'madera muli makomiti a chitukuko ndi makomiti a zipatala, m'mene mumakhala mafumu, aphunzitsi ndi alimi wamba. Amenewa safunika kudziwa chinenero cha kompyuta. Mafunso amene angafunse pa mjigo watsopano ndi omwewo: kodi mapulani ake ndi otseguka, kuti mmisiri wina athe kukonza inu mukapita? Kodi alipo Amalawi angati amene aphunzitsidwa kutsegula mkati mwake? Ndipo ntchito yanu ikatha zaka zitatu kapena zisanu, ndalama ya chaka chotsatira yalembedwa m'buku la yani? Mayankhowo mlembi wa komiti awalembe, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la woyankhayo.